Kodi Kukonzekera Ulendo N'kudzikuza?

Mlimi wa pa Kamwendo, atagulitsa mtedza ndi soya wake, akanena pabwalo kuti chilimwe chino apita ku Beira kukaona nyanja yamchere, sipalephera kupezeka mkulu wa mpingo womudzudzula, kunena kuti za mawa mwini wake ndi Chauta, ndi kuti Kalata ya Yakobo imatsutsa olinganiza maulendo monga ngati moyo uli m'manja mwawo. Mkuluyo sanama, pakuti mzinda womwewo wa Beira udasakazidwa ndi namondwe wa Idai m'mwezi wa Malichi 2019, ndipo ambiri amene adali atakonza za mawa sadawaone mawawo.

Komabe ine ndikukana kuti kulinganiza ndiko kudzikuza. Munthu amene adziwa kuti adzadzera ku Lilongwe, nadzakwera mapiri ozizira a Dedza, nadzatsikira ku Tete kumene dzuwa la Okutobala limatentha ngati ng'anjo, nadzaoloka Zambezi asanaone Chimoio, ndipo chifukwa cha kudziwako akonza chiphaso, kamba, madzi ndi tayala lapadera, ameneyo wavomereza kale kuti iye ndi fumbi, lotha kumva ludzu ndi kugona panjira. Wodzikuza ndiye wonyamuka chimanjamanja, nayembekeza kuti Mulungu asanduka wantchito womusenzera katundu. Za wotereyu makolo adati safunsa adadya phula.

Chimene Yakobo adaletsa ndi kudzitama, kamba sadamuletse. Chotero, abale anga a ku Mchinji, funsani njira kwa madalaivala oidziwa, pempherani pamodzi ndi a pabanja panu, ndipo munyamuke mvula isanagwe.