Kudziwa Mtima wa Mnzako: Luso Kapena Ukoma?

Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, komabe alipo anthu odziwa kuwoloka mtsinjewo. M'chaka cha 1990, Peter Salovey ndi John Mayer adafotokoza luso limene pa Chingerezi adalitcha emotional intelligence: kuzindikira zimene munthu mwini ndi anzake akumva mumtima, kuzimvetsa ndi kuziwongolera. Buku la Daniel Goleman la mu 1995 lidafalitsa ganizoli padziko lonse.

Phindu la lusoli kwa ophunzira ndi losakayikitsa. Mu 2020, Carolyn MacCann ndi anzake, atasanthula zotsatira za akafukufuku ambiri, adapeza kuti ophunzira odziwa za mumtima amakhoza bwino, ngakhale kuti nzeru za m'mutu ndi khama ndizo zimaposa. Khamalo ndi limodzi mwa makhalidwe asanu amene akatswiri amayesera umunthu wa aliyense. Enawo ndi kuchezeka, kumvana ndi ena, kukonda zatsopano ndi kutekeseka msanga.

Funso lenileni ndi lakuti: kodi wophunzira wa luso lotere ndiye munthu wabwino? Pa ntchito ya pagulu m'koleji pamapezeka mnyamata wa pakamwa pozuna, amene amadziwa yemwe ali wamanyazi, yemwe amaopa kukana, ndi yemwe amakomedwa ndi kutamandidwa. Ntchito yonse amasenzetsa anzakewo, iye n'kudzangolembetsa dzina. Pagulu lomwelo pali mtsikana wosalankhulalankhula, wosachedwa kuda nkhawa, amene amagawira zolemba zake mnzake wobwera kumaliro. Pa muyeso wa akatswiri mnyamatayo akhoza kupambana, koma amene wachita chilungamo ndi mtsikanayo.

Choncho luso la mumtima lili ngati mpeni, umene umasenda mbatata komanso kulasa munthu. Chibadwanso sichiyenera kutamandidwa kapena kudzudzulidwa, pakuti palibe adasankha kubadwa wamanyazi. Chimene munthu amayankhapo ndi mmene amagwiritsira ntchito zimene ali nazo. Aristotle adaphunzitsa kuti ukoma umakula ndi chizolowezi cha kuchita zolungama, ndipo nzeru za umunthu zimavomereza: munthu amadziwika ndi mmene amasungira anzake.

Makoleji amene amaphunzitsa lusoli pofuna kukonzekeretsa ophunzira ntchito, osafunsa cholinga chake, akhoza kutulutsa atsogoleri odziwa kunyengerera khamu koma opanda chisoni. Wophunzira wowoloka kupita tsidya lija afunsidwe chimene wanyamula.