ANTHU ANAYI AJA ALI KUTI?

Werengani Marko 2:1-12



Ku Kaperenao munthu wofa ziwalo sanapite yekha kwa Yesu. Anzake anayi anamunyamula pamphasa mpaka kusasula denga, ndipo Ambuye anayang'ana chikhulupiriro cha onyamulawo.

Kuno ku Joni mnzathu akagwa ndi sitiroko, sabata yoyamba timadzaza kuchipatala. Akangotuluka, tonse zii! Chonsecho mavuto amayambira pomwepo. Ntchito yatha, lendi ikudikira, achibale ali kumudzi. Dzanja ndi mwendo zimafuna mafizo tsiku ndi tsiku, kwa miyezi yambiri, ena zaka.

Tisamanong'onezane kuti walodzedwa. Ndi mtsempha wa magazi mu ubongo umene watsekeka kapena kuphulika.

Tiyeni tigawane masiku. Wina amusambitse, wina amuyendetse pabwalo ndi ndodo, wina amuperekeze ku kiliniki kukatenga mankhwala a BP, pakuti akasiya kumwa matendawa akhoza kubweranso. Akamavutika kulankhula, dikirani, musamudule mawu.

Lamulungu lino tikatha mapemphero, aliyense alembetse tsiku lake. Inuyo mukhale mmodzi wa anayi aja.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.