KODI TCHIMO LOGAWANA ANTHU AMBIRI NDI LA YANI?

Lamulungu lina, titatsiriza Nsembe ya Misa pa kachalitchi kena ka m'mapiri a Ntchisi, mkatekisiti wina wachikulire anandiimitsa pakhomo nandifunsa kuti: "Bambo Mfumu, pa wailesi akuti dziko likutentha ndipo nyanja zamchere zikukwera chifukwa cha utsi wa anthu. Mwana wa mlongo wanga amaotcha makala kuti ana ake adye. Kodi ameneyu akapita kolapa, aziulula makalawo ngati tchimo?" Ndinamyankha mothamanga, monga tichitira ansembe pamene tchalitchi lina likutidikira, koma yankho langalo silinandikhutitse ine mwini. Chotero ndati ndiliyankhe bwino pano, pakuti ndikhulupirira kuti akatekisiti a ku Mpherere, ku Nambuma, ku Mponela ndi kwina akomana nalo funso lomweli.

Mlandu sauweruza asanamve chimene chinachitika. Tiyambe taona ngati nkhaniyi ili yoona.

Mumlengalenga muli mpweya wina wochepa ndithu umene anthu a sayansi amautcha carbon dioxide. Ife tiutche mpweya wa kaboni. Umatuluka paliponse pamene nkhuni, makala, malasha kapena mafuta a galimoto zikuyaka, ndipo mitengo imaumwa pokula. Ntchito yake ili ngati ya bulangete: umalola kuwala kwa dzuwa kufika pansi, koma umatchinga kutentha kwina kuti kusabwerere kumwamba. Mpweya umenewu si woipa ayi. Mlengi anauika mwanzeru, pakuti popanda iwo dziko likanazizira koopsa. Choipa ndicho kuchuluka kwake.

Tayerekezani kuti mpweya wonse uli mulu wa njere za chimanga miliyoni imodzi, ndipo wa kaboni uli njere zofiira m'muluwo. Cha m'ma 1750, makina oyendera malasha asanafale ku Ulaya, njere zofiira zinali 280. Pamene Charles Keeling anayamba kuyeza mpweya pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii m'chaka cha 1958, anapeza pafupifupi 315. Mu 2013 zinakwana 400, ndipo lero zapitirira 420. Wina angafunse kuti: za makedzana anaziyeza ndani? Ku Antarctica, kum'mwera kwenikweni kwa dziko, kuli madzi oundana ngati matalala amene akhala akusanjikizana chaka ndi chaka mpaka kuzama makilomita atatu, ndipo m'kati mwake munatsekeredwa timathovu ta mpweya wa nthawi imene madziwo anaundana. Anthu anaboola madziwo, nayeza timathovuto, napeza kuti pa zaka 800,000 zapitazo njere zofiira zinkakwera ndi kutsika, koma sizinapose 300 kwenikweni. Kuti tipeze nthawi imene zinachuluka monga lero, tiyenera kubwerera zaka pafupifupi mamiliyoni atatu, ndipo nthawi imeneyo nyanja zamchere zinali pamwamba kuposa lero ndi mamita osachepera asanu. Masiku athu ano zayambanso kukwera: kuchokera 1901 kufika 2018 zinakwera masentimita 20, chifukwa madzi akafunda amafufuma, ndiponso madzi oundana aja akusungunuka. Madzi amachedwa kutsata mpweya, monga mphika uchedwa kuwira moto utayaka kale. Ndiye kuti kukweraku sikunathe, ndipo zidzukulu zathu zidzakuona.

Ndikumva kale munthu wa ku Dowa akuseka, nati: "Nyanja yamchere idzafika liti pa Kongwe?" Inde, sidzafika. Koma ku Beira, kumene kumadzera mafuta ndi feteleza wathu wambiri, nyumba zili pafupi kulingana ndi madzi, ndipo namondwe Idai atagwa kumeneko m'mwezi wa Malichi 2019 anapha anthu oposa 1,000 ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi kuno kwathu. Nyanja yofunda ndiyo chakudya cha namondwe, ndipo mpweya wofunda umasenza madzi ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, nakokolola midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600 anafa, ndipo mazana ena sanapezeke. Chaka chotsatira, mu 2024, mvula inadula, boma nkulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Sindinena kuti chilala chilichonse chimadza ndi utsi, pakuti njala ya 1949 inagwa utsiwo usanachuluke chotere. Koma munthu wofooka kale, malungo amamgwetsa msanga.

Tsono tifike pa mlandu weniweni. Kuseminale anatiphunzitsa fanizo longa ili. Mayi wamasiye ali ndi nkhokwe yake. Anthu zana adza usiku, aliyense natapamo kambale kamodzi. Kutacha nkhokwe ili mbee. Aliyense mwa iwo angathe kunena kuti: "Kambale kanga sikakanamgonetsa ndi njala," ndipo akunena zoona, komabe mayiyo akugona ndi njala. Kodi tchimolo lasowa mwini chifukwa eni ake achuluka? Iyayi. Ngati amene anatapa anadziwa kuti anzake akutapanso, sangabisale kumbuyo kwa kuchepa kwa kambale kake. Tchimo silisungunuka pogawana monga mchere usungunuka m'ndiwo.

Koma fanizoli lili ndi mbali ina imene olalikira ambiri amaidumpha. Nanga zikadziwika kuti mwa anthu zana aja mmodzi anadza ndi ngolo, ndipo wina anangotola njere zogwa pansi? Mfumu imene ingawalipitse mofanana si mfumu yachilungamo. Katekisimu amatiphunzitsa kuti tchimo lalikulu lifuna zinthu zitatu: chinthu chachikulu, kudziwa, ndi kufuna mwaufulu. Tiyeni tiyeze ndi miyeso itatuyi.

Kukula kwa chinthu. Tikawerenga mpweya wa kaboni wotuluka m'malasha, m'mafuta ndi popanga simenti, Mmalawi mmodzi amatulutsa pa chaka wolemera ngati matumba awiri a chimanga. Munthu mmodzi wa ku America amatulutsa wolemera kuposa matumba 250. Africa yense pamodzi satulutsa ngakhale magawo anayi pa 100. Ngolo ija tsono mwaiona kumene ili.

Kudziwa. Amene anayamba kukumba malasha ku England sanadziwe, ndipo sitiwaimba mlandu. Koma Svante Arrhenius wa ku Sweden analemba kale mu 1896 kuti mpweyawu ukachuluka dziko lidzafunda. Ndipo mu 1992 maiko anasonkhana ku Rio de Janeiro navomera poyera kuti ngoziyi ilipo. Chomvetsa chisoni nchakuti pafupifupi theka la utsi wonse wa malasha ndi mafuta latuluka kuyambira cha m'ma 1990, anthu akudziwa.

Kwa munthu woononga cha mnzake akudziwa, Eklezia ali ndi liwu limodzi lolimba: kubweza. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti wotenga kapena woononga cha mwini sakwanitsa chilungamo ndi chisoni chokha, ayenera kubweza. Ndipo Zakeyu, Ambuye atalowa m'nyumba mwake, sanangolira, koma analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamdyera. Malemu Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anaitcha nkhaniyi ngongole imene maiko olemera ali nayo kwa osauka. Liwuli tilisunge, pakuti ngongole si mphatso. Wolandira mphatso amaomba m'manja. Wolandira ngongole yake amawerenga ngati yakwana. Mu 2022, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zoonongeka zotere, ndipo ku Dubai mu 2023 analonjeza kuikamo madola pafupifupi 700 miliyoni. Zikumveka zambiri, kufikira titakumbuka kuti Freddy yekha, m'Malawi mokha, anaononga za madola oposa 500 miliyoni.

Kodi tsono mnyamata wa makala uja apite mumtendere, ndipo ife tonse tiloze chala kutsidya kwa nyanja? Apa ndipo ndinalakwa poyankha mothamanga, pakuti ndinati: "Asade nkhawa, si iye akukweza nyanja." Zimenezo nzoona, koma ndi theka la choona. Mtengo umene agwetsa m'phiri uli kanjere chabe pa mlandu wa nyanja zamchere. Pa mlandu wa kasupe wa m'munsi mwa phirilo uli ngolo. Nkhalango ya Ntchisi, imene makolo athu ankabisalamo pa nkhondo za Angoni ndipo boma linaiteteza mu 1924, imagwira mvula niipereka pang'onopang'ono ku mitsinje yotsikira ku Chia ndi ku nyanja ya Malawi. Phiri likametedwa, madzi amathamanga tsiku limodzi ndi dothi lomwe, nakakwirira mpunga wa munthu wa ku Nkhotakota. Ndipo pofika Okutobala mayi wa m'mudzi womwewo amalawira m'bandakucha kukalindira madzi pa chitsime chouma. Mayi wamasiye wa m'fanizo lathu sali ku Beira kokha. Timakhala naye pa mphasa imodzi ku Mphakati. Ndiponso pamene mvula yasanduka yaukali chifukwa cha utsi wa ena, phiri la mitengo ndilo chishango chathu chotsala. Munthu amene mdani wamtchera moto sagwetsa yekha mpanda wake.

Watsala muyeso wachitatu, wa ufulu, ndipo umenewu undilasa ine. Munthu amene ana ake agona ndi njala, ufulu wake ndi wochepa, ndipo tchimo lake lichepa nawo. Koma thumba la makala siliyenda lokha kuchoka ku Ntchisi kufika ku Lilongwe. Pali mwini galimoto amene amalitenga usiku, pali wolondera pa msewu amene amalandira kenakake natseka maso, pali wogula wa malipiro a pamwezi amene akanatha kuphika ndi china. Pali mlimi wa fodya amene chaka ndi chaka amadula milimo ya zigafa osabzala ngakhale mtengo umodzi. Katekisimu wakale ankawerenga njira zimene munthu amalowera m'tchimo la mnzake: pakulamula, pakuvomereza, pakudya nawo, pakukhala chete. Ndipo ine ndemwe, pamene tinkamanga tchalitchi lina, ndinadalitsa uvuni wa njerwa ndi madzi odalitsa, osafunsa kumene kunachokera mitengo ikuluikulu imene inayaka masiku atatu m'menemo. Ndinali ndi ufulu wofunsa kuposa mnyamata uja.

Kwa mkatekisiti wanga ndiyankha tsono motere. Mphwanuyo musamsenzetse nyanja zamchere. Katundu ameneyo ali ndi eni ake, ndipo Abusa athu ndi atsogoleri a dziko ayenera kuwakumbutsa kosatopa. Koma ngati amalowa m'nkhalango yotetezedwa kapena m'manda a mudzi, akudziwa kuti kasupe akuuma, ndipo njira ina yopezera chakudya ali nayo, aulule, pakuti akulakwira anansi ake. Ngati njira ina alibe, mlanduwo ubwere ku Mphakati, Akhristu aone chimene angamthandize nacho. Kubweza kwake kusakhale kwa ndalama, zimene alibe. Zitsa za msuku, za muwanga ndi za mombo zimaphukanso munthu akazitchinjiriza ku moto ndi ku mbuzi, nasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba pa chitsa chilichonse. Ndipo zimakula msanga kuposa mbande, chifukwa mizu yake ili kale pansi.

Nyengo yobzala mitengo imayamba mu Disembala. Ndipempha akatekisiti kuti chaka chino asanditumizire chiwerengero cha mitengo yobzalidwa pa tsiku la mwambo, pamene alendo ndi makwaya alipo. Adzanditumizire mu Seputembala, moto wolusa utadutsa, chiwerengero cha imene idakali moyo, ndi dzina la Mphakati umene unaithirira.