Kodi Mphatso ya Mlendo Imanga Kapena Imasula?

Pali funso limene tiyenera kulisinkha pamodzi. Anthu a m'maiko olemera asonkha ndarama, nagwirana manja ndi anthu a m'maiko osauka, kuti amai acire bwino ndi kuti ana asafe. Ena ati nchito iyi ndiyo cifundo ceniceni. Ena ati iai, mphatso yotere izoloweretsa mtundu kupempha, ndipo wolandira masiku onse aiwala khasu lace. Nanga coona ciri kuti?

Tiyambe taona kukula kwa bvutoli. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2023 akazi ngati 260,000 anafa cifukwa ca pakati ndi kubala, ndipo mwa 10 ali onse, 7 anali a mu Africa, kumwera kwa cipululu ca Sahara. Munthu wokana thandizo pamenepa, kuti asunge ulemu wa mtundu wace, agula ulemuwo ndi moyo wa mkazi wa mwini. Cotero sitifunsa ngati tilandire kapena tikane. Tifunsa kuti, mphatso yabwino tidzaizindikira ndi ciani?

Tamvani za ku Ethiopia. M'caka ca 1959 madotolo awiri, Reginald Hamlin wa ku New Zealand ndi mkazi wace Catherine wa ku Australia, anafika ku Addis Ababa. Kumeneko anapeza akazi odwala nthenda yochedwa fistula. Nthendayi idza motere: mwana akakanika kubadwa masiku angapo, mutu wace ukanikiza mnofu wa mai pa mafupa a m'cuuno, mwazi suyenda, mnofu ufa, ndipo pabooka pakati pa cikhodzodzo ndi njira ya mwana. Kawirikawiri mwanayo afa, mkodzo utuluka wosaleka, ndipo mkaziyo asalidwa ndi abale ace omwe. M'caka ca 1974 a Hamlin anatsegula cipatala ca akazi otere, cociritsa kwaulere, cothandizidwa ndi zopereka za anthu a kutsidya kwa nyanja.

Koma cimene ndifuna muone ndi ici. M'caka ca 1962 anabwera naye kwa iwo msungwana wa kumudzi, dzina lace Mamitu Gashe, wosadziwa kuwerenga, wobvulala pobala. Atathandizidwa sanabwerere kwao. Anayamba kuyala makama a odwala, kenaka anaima pambali pa dotolo namthandiza, kufikira iye mwini anadziwa kusoka balalo, naphunzitsanso madotolo ocokera ku maiko ena. Ndipo m'caka ca 2007 Catherine anatsegula sukulu ya azamba, kumene atenga asungwana a kumidzi, nawaphunzitsa, nawabwezera kwao kuti nthendayi aitsekereze isanadze. Reginald anamwalira m'caka ca 1993, Catherine m'caka ca 2020, koma nchito siinalowe nao m'manda.

Apa ndipo pali muyeso. Makolo anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mphatso yabwino ndiyo yokonzekera tsiku limene mlendo adzacoka. Ikasiya nzeru m'manja mwa eni dziko, yamasula. Ikasiya cinyumba cokongola copanda wodziwa kucisunga, yamanga.

Wina adzati, nanga ndarama za cipatala cotere sizicokerabe kunja? Anena zoona, ndipo coopsa cace taciona ndi maso. M'caka ca 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lace lambiri, nilitseka bungwe la USAID, ndipo m'maiko ambiri nchito zina za mankhwala zinaima modzidzimutsa. Ndarama mwini wace akhoza kuibweza tsiku liri lonse. Koma luso limene linalowa m'zala za Mamitu palibe angalilande.

Tsono wolandira nayenso ali ndi mangawa ace. M'caka ca 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa anapangana ku Abuja kuti pa ndarama 100 ziri zonse za Boma, 15 zipite ku nchito ya umoyo. Maiko ambiri sanakwaniritse panganoli. Kodi tidzamdzudzula mlendo pakutopa, ife eni maliro tisanasunge mau athu? Ndi kwathu kuno nthendayi iripo, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo oiciritsa mwa cigwirizano cotere. Koma mlendo sangalowe m'nyumba mwanu ndi kuletsa kukwatitsa mwana wosakhwima. Sangauze mwamuna kuti asunge ndarama ya ulendo wa ku cipatala mwezi usanakwane. Sangaletse akuru kucedwetsa mkazi wobvutika pomfunsa milandu. Izi nzathu.

Cifukwa cace ndinena kwa wopatsa: patsani monga munthu wodziwa kuti mudzapita, ndipo mufunse eni mudzi cimene asowa. Ndinena kwa wolandira: landirani wopanda manyazi, koma m'mawa mwace mudzuke ndi khasu lanu. Mutu umodzi susenza denga. Koma wobwera kudzathandiza kusenza sakhala mwini nyumba.