Kupala Moto kwa Sony

Disiki ya gemu siikhalitsa m'manja mwa ana. Ikagwa kamodzi pa simenti, kapena ikapukutidwa ndi malaya afumbi, imakalika, ndipo makina amayamba kuiŵelenga mokakamila mpaka kuikanilatu. Kuno ku Linda, kumene fumbi la mu Ogasiti limaloŵa ngakhale mu poto wovundikila, disiki imene ikanatha zaka khumi pa shelufu ku Kabulonga imalema m'miyezi yoŵelengeka. Conco munthu wosamala akagula disiki yeniyeni amaikopela pa disiki ina yopanda kanthu. Yeniyeniyo amaitsekela m'kabati, ana n'kuwapatsa kope kuti aikande mmene afunila. Kodi munthu ameneyu waba?

Ine niti iyai, ndipo pamenepa sinizengeleza. Ndalama analipila. Cimene akuteteza ni katundu wake, monga mmene mai amakutila buku la mwana ndi pulasitiki. Koma kampani ya Sony, imene inatulutsa PlayStation 2 mu 2000, inamanga makinawo kuti asamukhulupilile. Disiki yeniyeni ili ndi cizindikilo cimene cimadindidwa ku fakitale, cimene kompyuta ya panyumba siingathe kulemba. Makina akayaka amayamba afufuza cizindikiloco, akacisoŵa amakana. Palinso loko ina ya zigawo: disiki yogulidwa ku Japan kapena ku America siiseŵela pa makina a ku Ulaya, amene ndiwo anali kufika kwathu kaŵilikaŵili. Kuti kope iseŵele, pamafunika kachipu kamene amisili amaochelela m'kati mwa makina kuti kawanamize. Pamenepo m'pamene lamulo limaloŵelela. Ku America, lamulo la mu 1998 linaletsa kuthyola maloko otele, kaya colinga cako n'cabwino kapena ai. Ku Australia, khoti lalikulu mu 2005 linaweluza mokomela Eddy Stevens, munthu wa ku Sydney amene Sony inamuimba mlandu woika tumachipu, koma caka cotsatila nyumba ya malamulo inasintha lamulolo n'kulimbitsa loko. Nkhaniyi inazunguza ngakhale oweluza ovala mikanjo.

Koma mkangano wonsewo ni wa anthu amene ali ndi disiki yeniyeni m'kabati. Ise a m'makomboni tinalibe. Ine n'nakulila m'tuntemba twa magemu, pa benchi ya thabwa, kutsogolo kwa TV ya cimsana, kuyembekezela kuti padi ifike m'manja mwanga. Madisiki onse amene n'naona anali oyela pamwamba, olembedwa ndi maka: Winning Eleven, Mortal Kombat, nthawi zina dzina lolakwika kalembedwe. Anali makope a makope, ogulidwa m'tauni, ndipo palibe anali kudziŵa kumene kholo lawo linali. Gemu yatsopano ku America inali kugulidwa madola 50. M'nyumba zambili za kuno ndalama imeneyo inali lendi ndi unga pamodzi. Kunena kuti tinali kusunga cabe katundu wathu kungakhale kubweleka cifukwa ca anthu ena. Cathu ciyenela kukhala cina, ngati cilipo.

Akulu athu ali ndi mwambo wa kupala moto. Moto ukazima pakhomo pako, umatuma mwana ndi phale kwa aneba, amabwelako ndi khala lonyeka. Aneba sataya kanthu, mbaula yawo imayakabe, ndipo munthu amene angakane kupalitsa moto mudzi wonse ungamunene. Kukopela kumafanana ndi zimenezi kuposa mmene kumafananila ndi kuba nkhuku. Nkhuku ikabedwa khola limacepa. Gemu ikakopeledwa, Konami, kampani ya ku Japan imene inapanga Winning Eleven, imakhala nayobe yonse. Cimene ingataye ni wogula, ndipo wogulayo ku Linda kunalibe. Kachipu kakanapanda kubwela, mwana wa kuno sakanapita kukagula disiki ya madola 50. Akanangobwelela ku cimpombwa pa gilaundi, ndipo buku la ndalama ku Tokyo likanakhala mmene linalili.

Si ise tekha tinapala motowo. Ku Brazil anthu anafika pomasula gemu ya mpila ya Konami n'kuikamo matimu awo, nyimbo zawo ndi oulutsa mpila awo, n'kuicha Bomba Patch. Gemu imeneyi inakhala ya anthu wamba kumeneko, ndipo amaikonzabe ngakhale makina ake anakalamba. Kuno makope anadyetsa mabanja a eni tuntemba, ndipo anyamata ena amene lelo amakonza mafoni pa Katondo Street n'kutheka kuti screwdriver anayamba kuigwilila pa PlayStation yokana kuŵelenga. Makolo, n'zoona, anali ndi mlandu wina ndi tuntembato, wa chenji ya kapenta imene inali kusoŵa pa njila yocokela ku msika. Umenewo ni mlandu weniweni, koma woba ndi wobeledwa onse anali a nyumba imodzi.

Cimene cimanisoŵetsa mtendele ni cakuti kompyuta imene inali kukopela magemu m'maŵa ndiyo inali kukopela nyimbo madzulo. Ca m'ma 2000 nyimbo za Zambia zinadzukanso. Mondo Music inatulutsa JK, Shatel, Black Muntu ndi ena, ndipo anthu amene anazoloŵela rhumba ya ku Congo ndi kwaito ya ku Joni anayambanso kuvina zawo. Oimba amenewa msika wawo unali ife. Analibe ogula ku London oti alipile m'malo mwathu. Munthu aliyense wa ku Matero kapena ku Chawama amene anagula kope ya pa mseu anali wogula weniweni amene watayika, cifukwa CD ya woimba wa kuno siinali pa mtengo wa madola 50. Woimba anali kukwela minibasi imodzimodzi ndi ise, kumva nyimbo yake ikulila m'masipika a dilaiva, n'kulipila kondakitala ngati wina aliyense. Apa fanizo la moto limagwa. Aneba amenewa nchito yawo inali kugulitsa motowo, ndipo komboni yonse inabwela ndi mapale.

Boma linayesa. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 linakonzedwanso mu 2010, ndipo mu 2013 kunabwela hologram, kacizindikilo konyezimila komata pa CD ndi DVD zololedwa. Kanafika mocedwa, pamene nyimbo zinali zitayamba kale kusamukila m'mafulashi ndi m'mamemori kadi, momwe simungamatike kanthu.

Wina anganifunse kuti: amwene, ndiye kuti kuba kumayela ngati wobeledwa ni wolemela? Si maganizo amenewo amene wanchito amatulutsila thumba la simenti m'sitolo ya abwana? Funsoli n'lolemela ndipo sinilipeputsa. Yankho langa n'lakuti cuma ca mwini si ndiwo muyeso. Thumba la simenti likacoka, lacoka, kaya mwini ali ndi matumba cikwi. Muyeso ni wakuti kodi pali cimene cacoka m'manja mwa munthu: katundu, kapena ndalama imene ikanafikadi kwa iye. Pa muyeso umenewu wosunga disiki yake alibe mlandu, mwana wa pa benchi mlandu wake ni wocepa kwambili moti siniuona, ndipo wogulitsa makope a woimba wa kwathu ali nawo wathunthu. Vuto n'lakuti woweluza wa muyeso umenewu ni mwini thumba. Aliyense amadziona wosauka ikafika nthawi yolipila. N'naonapo amuna okhoza kugula kileti ya moŵa Loŵeluka akulumbila kuti CD yeniyeni ni yodula. Ndipo dzanja limene linaphunzila pa Konami kuti za pa disiki n'zaulele silinaime kuti lifunse dzina la mwini pamene linafika pa JK. Ngati makope a magemu anatiwononga penapake, ni pamenepo.

Ngakhale n'telo sinigwilizana ndi amene amati loko ndiyo inali kumbali ya cilungamo. Sony inaleka kupanga PlayStation 2 kuciyambi kwa 2013, itagulitsa makina oposa 150 miliyoni. Madisiki ake akukalika ndi kuola, ndipo magemu ambili palibe akuwadindanso. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti pa magemu 100 alionse amene anatuluka ku America cisanafike caka ca 2010, okwana 87 sagulitsidwanso. Ambili mwa amenewo akali kuseŵeleka cifukwa ca anthu aja amene anali kuchedwa akuba, amene anakopela mwini asanalole.

Tsopano disiki yeniyeniyo ikupita. PlayStation 5 inatuluka mu 2020 ndi mtundu wina wopanda ndi poloŵetsa disiki pomwe, ndipo gemu umaitenga pa intaneti, ndi mabando amene kuno timagula mocita kuŵelenga. Mu 2024 kampani ya Ubisoft inazima makompyuta amene anali kuyendetsa gemu ya mamotoka yochedwa The Crew. Onse amene anaigula anatsala opanda coseŵela, kuphatikizapo amene anali ndi disiki yeniyeni, yosakalika, ili m'bokosi lake ndi lisiti.