Moto ndinkayatsa ndine, utsi ankapuma ndi agogo

Lero ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndiyamba ndi kuulula mbali yanga.

Kwathu ntchito yotentha zinyalala inali yanga. Galimoto yotola zinyalala sifika kudera kwathu, ndiye pafupifupi madzulo alionse, ndikachoka ku Magharibi, ndinkakokera masamba, majumbo, mabotolo a pulasitiki ndi matewera a mwana wa achemwali m'dzenje la kuseri kwa nyumba n'kuyatsa. Dzenjelo lili pafupi ndi mpanda. Kuseri kwa mpandawo kuli zenera la chipinda chimene ankagona agogo ena aamuna, aneba athu, amene kwa zaka zambiri sankasowa pamzere woyamba kumzikiti mpaka miyendo itayamba kuwakanika.

Mu Julaye chaka chatha kunazizira kwambiri, ndipo chimfine chinazungulira dera lonse. Ife tinadwala n'kuchira. Agogo aja chimfine chawo chinatsikira m'chifuwa. Anayamba kubanika, kuchipatala anati ndi chibayo, n'kuwaika pa okosijeni. Tsiku lina nditapita kukawaona ndinamva adokotala akufunsa mdzukulu wawo, amene anali gadiyani: "Agogowa amasuta fodya?" Iye anati ayi. "Nanga kumene amakhala kuli utsi?" Mnyamatayo anangoti, "Aa, utsi wa masiku onsewu basi." Sanandiyang'ane, sankaganiza n'komwe za ine. Koma ine mtima unagunda. Patatha masiku asanu ndi atatu tinaswalira janaza yawo.

Kumanda aliyense ankati nthawi yawo inakwana. Inenso ndimakhulupirira zimenezo. Komabe pobwerera funso linkanditsatira: kodi pa imfa imene ija pali kambali kanga?

Ndinayamba kuwerenga kuti ndimvetse chimene adokotala aja ankafunsira za utsi. Chibayo china chimayamba ndi mabakiteriya, china ndi mavairasi monga a fuluwenza, RSV kapena COVID-19. Timatumba ta mpweya m'mapapo timatupa n'kudzaza madzi, ndiye munthu amapuma koma mpweya sulowa bwino m'magazi. Mankhwala opha mabakiteriya sapha vairasi. Choncho nthawi zambiri chachikulu chimene achipatala amachita n'kumuchirikiza wodwala ndi okosijeni pamene thupi likulimbana lokha. Apa m'pamene zimadalira kuti mapapowo matenda anawapeza ali otani.

Mu utsi mumakhala tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitchula kuti PM2.5. Tsitsi limodzi la m'mutu ndi lonenepa pafupifupi maulendo 30 kuposa kamodzi ka tinthu timeneti. Mphuno imalephera kutisefa, ndiye timalowa mpaka pansi pa mapapo. M'njira za mpweya muli tiubweya timene timasesa makhololo ndi majeremusi kukwera nazo kukhosi, ndipo utsi umatifooketsa. Asilikali a m'thupi amene amayenera kumeza majeremusi amatanganidwa ndi mwaye. Mapapo amakhala otupa kale vairasi isanafike. Zili ngati wakuba kupeza alonda atatopa, chitseko chili chogwedera.

Izi zaonekanso pa miliri yeniyeni. Pa mliri wa SARS wa 2003 ku China, ofufuza anapeza kuti odwala a m'madera a mpweya woipa kwambiri ankamwalira pafupifupi kawiri kuposa a m'madera a mpweya wabwinoko. Mu 2020 ofufuza a ku Harvard anayerekeza maboma oposa 3,000 a ku America, n'kupeza kuti kumene anthu akhala akupuma PM2.5 yochulukirapo kwa zaka, imfa za COVID-19 zinalinso zochulukirapo. Bungwe la WHO limati mu 2019 mpweya woipa wa panja unafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 4.2 miliyoni padziko lonse.

Koma taonani vuto lake. Kafukufuku wotereyu amanena za gulu, sanena za munthu mmodzi. Angakuuzeni kuti m'dera la utsi odwala chibayo ambiri amafa, koma sangaloze agogo aja n'kunena kuti awa akanachira. Analinso okalamba, kunazizira, mwinanso anachedwa kupita kuchipatala. Palibe dokotala amene angalembe dzenje langa pa chikalata cha imfa. Ndiye ngati palibe angatsimikize, ndine womasuka?

Funso lomweli linagwerapo mzinda wathunthu. Ku London, kuyambira pa 5 mpaka 9 Disembala 1952, kunazizira popanda mphepo. Utsi wa malasha wa m'nyumba za anthu, m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi unasakanikirana ndi chifunga n'kukuta mzinda. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 amene anamwalira, ambiri mwa iwo okalamba ndi odwala kale chifuwa kapena mtima. Imfa zinapitirira kuchuluka kwa miyezi ingapo, ndipo akuluakulu anati zinazo zinali za fuluwenza. Patapita zaka pafupifupi 50, ofufuza ena ataunikanso anati chiwerengero cha ophedwa ndi utsiwo chinafika cha m'ma 12,000. Chimene chinandigwira pa nkhaniyi n'chakuti palibe amene anapha munthu. Mayi aliyense anangoponya malasha pang'ono pamoto kuti ana asazizidwe. Komanso zinali zopepuka kuimba mlandu vairasi, popeza vairasi sitengeredwa kubwalo la milandu ndipo sikakamiza aliyense kusintha khalidwe. Komabe mu 1956 dzikolo linakhazikitsa lamulo la Clean Air Act lochepetsa utsi m'mizinda. Sanadikire kuti apeze chumuni chimene chinapha uje.

Ine ndinayesa kudzithawitsa m'njira zitatu, ndipo ndizinena zonse chifukwa mwina inunso mumazigwiritsa ntchito.

Yoyamba: utsi wanga ndi wochepa. Zoona. Pali maminibasi ofuka dizilo, mauvuni a njerwa, lupsa la osaka mbewa, matayala oyaka, fumbi la m'misewu. Dzenje langa n'chiyani pa zonsezi? Koma tayerekezani chitsime chimene anthu makumi awiri aliyense wathiramo kapu imodzi ya madzi onyansa. Mwana akamwa n'kudwala, aliyense anganene kuti kapu yanga yokha sikanamudwalitsa, ndipo sakunama. Komatu chitsimecho chaipa ndi makapu omwewo. Ku madrasa tinaphunzira kuti kuipitsa madzi a anthu, njira yawo kapena mthunzi umene amapumulapo n'koletsedwa. Palibe mwa ife angataye matewera pa mjigo. Mpweya nawo ndi chitsime, kungoti ulibe mpanda, ndipo munthu angakane madzi koma sangakane kupuma.

Yachiwiri: nthawi yawo inakwana. Mawu amenewa ndi oona, ndipo ndi mankhwala kwa ofedwa. Koma ndazindikira kuti akatuluka m'kamwa mwa amene anayatsa moto amasanduka chobisalira. Dalaivala akathamangitsa galimoto n'kugunda mwana, timavomereza kuti tsiku la mwanayo linalembedwa, koma sitimuuza dalaivalayo kuti ukhoza kumapita, palibe nkhani. Khalifa Umar ali pa ulendo wa ku Shaam anamva kuti kumeneko kwagwa mliri, ndipo anabwerera pamodzi ndi anthu ake. Sanaone kuti kupewa choopsa n'kukana zimene Allah analemba. Tsiku la imfa ya agogo silinali m'manja mwanga. Machesi anali m'manja mwanga, ndipo ndidzafunsidwa za machesiwo.

Yachitatu ndi imene ili ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kuipeputsa: nanga zinyalalazo ndizitaye kuti? Woumba njerwa akufuna fizi ya ana. Wa minibasi alibe ndalama yokonzera injini. Amene galimoto ya zinyalala imafika pageti pake asafulumire kuweruza amene akukhala ndi mulu wa matewera ndi ntchentche. Ndikuvomereza kuti mlandu si wofanana. Amene ali ndi njira ina koma n'kusankha utsi amasenza zambiri, ndipo amene anapatsidwa udindo wosamalira mizinda ndi kukhazikitsa malamulo amasenza zoposa. Ndiponso nyumba imodzi payokha siingayeretse mpweya. Kuno kwathu, ku Chikwawa ndi ku Karonga, kunachitika kafukufuku wa ana oposa 10,000 amene zotsatira zake zinatuluka cha kumapeto kwa 2016. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zotulutsa utsi wochepa, koma chibayo cha ana sichinatsike. Chimodzi mwa zimene ofufuzawo anaganizira n'chakuti anawo ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa. Ndiye inde, vutoli ndi la tonse. Koma "la tonse" si dzina lina la "palibe mwini". Pa "tonse" amenewo inenso ndilipo.

Pamene ndafika ndi apa. Sindinganene kuti ndinapha agogo, chifukwa kutero kungakhale kudzitengera chidziwitso chimene ndi cha Allah yekha. Sindinganenenso kuti manja anga ndi oyera. Ndinaonjezera katundu pa mapapo amene anali pafupi kulowa m'nkhondo. Poyamba sindinkadziwa, lero ndikudziwa, ndipo kudziwako kwasintha mlandu wa moto uliwonse umene ndingayatse mawa. Akuluakulu anati nkhuyu zodya ana zinapota akulu. Ife achinyamata timatsokomola kawiri n'kuiwala. Amene amalipira ndi agogo, khanda, wa mphumu, wa TB ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Patapita milungu ingapo ndinalimba mtima n'kupita kwa mwana wawo wamkazi wa agogowo. Ndinati, "Amayi, ndabwera kudzapepesa. Utsi wa dzenje lathu unkalowa pazenera la agogo." Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Mwanawe, ifenso timatenthatu. Dzenje lathu lili pansi pa zenera lomwelo." Ndinkayembekeza kuti mawu amenewo andipeputsa, koma ayi ndithu. Anangondionetsa kuti tonse amene tinkawakonda agogo, amene tinkawapititsira phala kuchipatala n'kuwachitira dua, ndife omwe tinkawafukiza madzulo alionse.

Kuyambira pamenepo masamba ndi zotsala za kukhitchini ndimazikwirira, zimasanduka manyowa a dimba la amayi. Mabotolo ndimasungira amene amawagula. Majumbo ndi matewera akundivutabe, kunena chilungamo, koma sinditenthanso madzulo. M'miyezi yozizira mpweya wozizira umakhala pansi n'kupanikiza utsi pakati pa nyumba usiku wonse, nthawi yomwe anthu atsekeredwa m'zipinda ndiponso chimfine chili paliponse. Ndikamva kuti kwa aneba kuli wotsokomola, machesi ndimawasiya. Ndaphunziranso kuti chimfine chikafika popumira pamwamba, kupweteka m'chifuwa, kapena mwana nthiti zikamalowa m'kati popuma, si za mandimu ndi uchi ayi, n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Ife timadziwa kuzonda odwala, ndipo Alhamdulillah timachita bwino. Timasonkha, timanyamula mabasiketi, timadzaza mawodi Lachisanu tikachoka ku Jumu'ah. Pempho langa n'lakuti kuzondako kuziyamba munthu asanagonekedwe. Madzulo ano, musanayatse, taimani kaye pa dzenje lanu muone kumene mphepo ikulowera, ndipo mudzifunse kuti pazenera limenelo pamagona ndani.

Allah awakhululukire agogo athu, awapatse Jannah, achize odwala athu onse, ndipo atikhululukire ifenso zoipa zimene tinachitira anzathu osadziwa. Ameen.

Nanga kudera kwanu zinyalala mumazitani? Ngati pali amene anapeza njira ya majumbo ndi matewera yosafuna moto, tigawireni, ena tikuisowa.