KAPITAWO NDI MULUNGU WAKE

Abale ndi alongo aphunzitsi, ana amene mukhala nawo Lamulungu lililonse, kaya m'tchalitchi kaya pansi pa mtengo, sadzakhala abusa onse ayi, ndipo odzakhala nduna za boma mwina palibe ndi mmodzi yemwe. Koma ambiri a iwo adzagwira kamphamvu kena kake m'manja mwawo. Wina adzagwira sikelo yogulira thonje ku Ngabu. Wina adzagwira buku la maina a odula nzimbe ku Nchalo. Wina adzakhala namwino wa usiku, wina mphunzitsi wamkulu, wina mlembi wa komiti ya m'mudzi yolemba anthu oti alandire ufa madzi akasefukira. Onsewa ndiwatcha ndi dzina limodzi lakale limene tonse tilidziwa, ndilo akapitawo. Tsono funso loti tiganizire pamodzi ndi ili: kodi chikhulupiriro cha munthu wotere chioneka pati pamene ali pa ntchito yake?

Ambiri ayankha msanga kuti chioneka pa pemphero. Ndi zoona kuti m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi ambiri ntchito iyamba ndi pemphero, ndipo ine sindinyoza mwambo umenewu. Koma mbiri ya mpingo wathu womwe itichenjeza kuti pemphero la m'mawa likhoza kukhalira limodzi ndi nkhanza za masana.

Mishoni ya Blantyre, imene inabala Sinodi yathu, inayamba mu 1876. Amishoni oyambawo anali anthu opemphera, koma anadzitengeranso ntchito yoweruza milandu. Anthu oganiziridwa kuba anali kukwapulidwa koopsa, ndipo wina anafa nazo zikotizo. Mu 1880 mlendo wina, Andrew Chirnside, anaulula zimenezi ku Britain. Mpingo wa ku Scotland unatumiza anthu kudzafufuza, ndipo mu 1881 mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, anachotsedwa pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Nkhaniyi inatsikira mpaka kuno kuchigwa kwathu, pakuti Fenwick uja analowa m'malonda, ndipo mu 1884 anawombera Chipatula, imodzi ya mafumu a Amakololo a m'mbali mwa Shire, atakangana naye. Anthu a mfumuyo anamupha iyenso. Amene anadzalowa m'malo mwa Macdonald ndi David Clement Scott. Iyeyu anaphunzira Chimang'anja mpaka kulemba buku lalikulu lomasulira mawu ake, limene linatuluka mu 1892, ndipo anapatsa anthu akuda maudindo enieni mu mpingo. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, anachimanga ndi anthu amene anaphunzira umisiri wa njerwa pa ntchito pomwepo. Macdonald ndi Scott anali kuwerenga Buku Lopatulika limodzimodzi, nyimbo zawo zinali zomwezo. Chimene chinasiyana ndi mmene aliyense anaonera munthu wa pansi pake.

Pokonzekera phunziroli werengani mutu wachiwiri wa buku la Rute, ndipo muwerenge pang'onopang'ono. Boazi afika kumunda nthawi yokolola, napatsa moni antchito ake m'dzina la Yehova. Pamenepo ndi pamene ambiri a ife tilekera, nkumati taonani bwana woopa Mulungu. Koma pitirirani. Iye aona mkazi wachilendo, wamasiye, wa mtundu wina, amene akukunkha m'mbuyo mwa okolola. Afunsa kapitawo wake za mkaziyo, ndipo kapitawo anena zoona, kuti wagwira ntchito chiyambire m'mawa. Pamenepo Boazi aloleza mkaziyo kumwa madzi a antchito, amuitana pa nthawi ya chakudya, alamula anyamata ake kuti asamukhudze kapena kumchititsa manyazi, ndipo awauza kuti azimsiyira ngala zina mwadala. Moni uja unali wa mawu ochepa. Zotsatira zake zinali madzi, chakudya, chitetezo ndi ulemu.

Ife a kuno sitisowa wotimasulira za madzi. Mu October ndi November kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kupitirira madigiri 40, ndipo munthu wogwira chikwanje kapena khasu dzuwa lili paliwombo adziwa kusiyana kwa kapitawo woganizira za madzi akumwa ndi kapitawo wongoyang'ana wotchi. Za lamulo lija kwa anyamata, aphunzitsi, musalidumphe chifukwa cha manyazi. Mkazi wosauka wofuna ganyu, kapena wofuna kuti dzina lake lilembedwe, ali m'manja mwa munthu wogwira cholembera, ndipo tonse tidziwa mtengo umene ena amamuuza kuti alipire. Boazi sanadikire kuti choipa chichitike. Anawadziwa anyamata ake, nalankhula zisanachitike.

Koma wina adzati, Boazi anali mwini munda, akanatha kuchita chimene afuna. Nanga ine, amene ndingolandira malamulo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sitiyenera kulipeputsa. Ntchito zambiri za m'chigwa chino ndi za eni ake okhala kutali. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo inayambitsidwa ndi kampani ya Lonrho cha m'ma 1965 pa dzina la Sucoma, ndipo mu 1997 inapita m'manja mwa Illovo. Mtengo wa thonje suikidwa ndi kalaliki wa pa msika. Kuchuluka kwa mankhwala sikuli m'manja mwa namwino. Kapitawo ali pakati, ngati chala pakati pa chitseko ndi mphuthu. Akuluakulu akumbukirabe zaka za m'ma 1950, pamene boma la atsamunda linakakamiza anthu kulima mizere ndi kulanga okana. Ambiri mwa amene anali kuyenda m'minda kukayang'ana mizereyo anali anthu akuda anzathu, ndipo udani wonse unagwera iwo.

Akapitawo otere alimonso m'Buku Lopatulika, pa Eksodo 5. Farao anachotsa udzu koma chiwerengero cha njerwa anachisiya chomwecho. Njerwa zitaperewera, amene anakwapulidwa ndi akapitawo a Aisraeli. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma onani kumene anapita nayo mikwingwirima yawo. Sitiwerenga kuti anatembenukira abale awo kukawabwezera zikotizo. Anapita kwa Farao mwini wake kukamuuza kuti lamulo lake silitheka. Sanapambane tsiku limenelo, ndipo atatuluka anakalipira Mose ndi Aroni, pakuti anali anthu ngati ife. Komabe anaonetsa njira imene madandaulo ayenera kuyenda. Kapitawo wopanda Mulungu mumtima aseka ndi a pamwamba, nakwiyira a pansi. Woopa Mulungu anena zoona kwa a pamwamba, ngakhale mawondo akunjenjemera.

Mgwazo sangausinthe, inde. Koma akhoza kuuyeza molungama. Akhoza kulemba tsiku la munthu monga analigwirira. Akhoza kuleka kuonjezera katundu wake pamwamba pa katundu wa eni ntchito, monga ka nkhuku, ka ndalama ya "fanta", kapena kutuma wantchito kukalima dimba lake. Amisonkho ndi asilikali atafika kwa Yohane Mbatizi, pa Luka 3, iye sanawauze kuti asiye ntchito. Amisonkho anawauza kuti asatenge zopitirira zimene anawalamula, asilikali kuti asaopseze munthu kapena kumnamizira, ndi kuti malipiro awo awakwanire. Ndi malangizo ouma, opanda zozizwitsa, ndipo ndi amene anatsogolera kubwera kwa Ambuye.

Pali malire ena pamene kapitawo ayenera kukana, monga atauzidwa kupotoza sikelo kapena kufufuta dzina la munthu amene anagwira ntchito. Akakana, mwina ntchito imuthera, ndipo ana ake asowa fizi. Apa ndinena ngati mkulu wa mpingo: si chilungamo kuti ife tiphunzitse mwana kukana choipa, ndipo iye atakula nakanadi, ife tingomuyamikira pakamwa. Mpingo umene ufuna anthu olimba mtima uyenera kukhala wokonzeka kuwanyamula akagwa chifukwa cha kulimba mtimako. Ngati sititero, tikumanga akatundu olemera pa mapewa a ena.

Madzi osefukira atiphunzitsa kuti ukapitawo sukhala pa kampani pokha. Mu January 2015, mu March 2019, pa namondwe Ana mu January 2022 amene anaononganso malo opangira magetsi a Kapichira, ndi pa namondwe Freddy mu March 2023, anthu a ku Makhanga, ku Bangula ndi madera ena anathawira m'misasa. Pa nthawi zotere munthu wamphamvu koposa ndi amene agwira pepala la maina. Kawirikawiri iyeyo nayenso nyumba yake inagwa, abale ake ali pa mzere womwewo, ndipo matumba afika ochepa. Palibe bwana womuyang'anira usiku pamene akulemba. Ngati alemba mlamu wake kawiri ndi kusiya nkhalamba yopanda womuyankhulira, palibe amene adzadziwe msanga. Ndi pa malo otere pamene ntchito yanu ya zaka khumi zapitazo iyesedwa.

Tsono munthu wotere aumbidwa bwanji? Ku koleji ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti mwana ali ndi mutu, manja ndi mtima, ndipo kuti wophunzitsa chimodzi chokha wasiya ntchito pakati. Akhristu ena aganiza kuti mtima wokha ukwanira. Iyayi. Kalaliki wopemphera koma wosadziwa kuwonkhetsa amabera alimi osadziwa kuti akuwabera, ndipo mlimi amene wataya makilogalamu asanu satonthozedwa pomva kuti kalalikiyo amaimba kwaya. Kudziwa ntchito bwino ndi mbali ya kukonda mnzako. Mwana akamanyozera masamu, muuzeni zimenezi.

Ndipo pali china chimene sitikonda kuchitchula m'tchalitchi. Kapitawo ali ndi thupi, ali ndi nyumba, ali ndi ngongole. Munthu amene walowa katapila ndi wosavuta kumgula, pakuti wobwereketsa akamuima pakhomo, chiphuphu chioneka ngati yankho la pemphero. Munthu wosagona, amene asenza ntchito yonse yekha chifukwa sakhulupirira wina aliyense, asanduka waukali ngakhale anabadwa wofatsa. Yetero ataona mkamwini wake Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sanamuuze kuti aonjezere mapemphero. Anamuuza kuti adzalema, iye ndi anthu omwe, ndipo agawire ena ntchitoyo. Choncho kusunga ndalama, kupuma, kugawa ntchito ndi kukhala mwamtendere ndi a m'nyumba si nkhani za kunja kwa uzimu.

Chigwa chathu ndi cha anthu osiyanasiyana. Muli Amang'anja, Asena, Alomwe ndi ena. Muli Akatolika, Asilamu, a mipingo yatsopano, ndi amene alemekeza kachisi wa Mbona ku Khulubvi. Mwana wanu akadzakhala woyang'anira, onsewa adzakhala pansi pake. Kodi adzawakakamiza pemphero lake, podziwa kuti sangakane poopa kuchotsedwa? Kodi ganyu akapezeka adzayamba kuitana a mpingo wake? Ine ndiyesa kuti pemphero limene munthu avomera chifukwa choopa njala silikondweretsa Mulungu, ndipo kukondera a mpingo wako ndi tsankho lomwelo, lingovala jekete ya Lamulungu. Rute anali Mmoabu, ndipo Boazi sanamufunse za milungu ya kwawo asanampatse madzi.

M'kalasi mwanu muli kale maudindo, ngakhale ndi aang'ono. Pali wowerenga chopereka, woitana maina, wogawa mabuku a nyimbo, wokhazika anzake pa benchi. Musapatse maudindo onsewa mwana mmodzi yemweyo chifukwa ndi wochenjera kapena chifukwa bambo wake ndi mkulu wa mpingo. Asinthaneni. Mwana akawerenga chopereka, wina awerengenso pamaso pa onse, ndipo muwafotokozere kuti sitichita izi chifukwa chomkayikira, koma kuti munthu wolungama sakwiya akamuwerengera. Mabuku akachepa, musagawe nokha. Mpatseni mwana agawe, inu muime pambali muone amene ayambira. Kodi ayamba ndi mnzake wapamtima, kapena aona kamwana kaja kopanda nsapato kokhala kumapeto? Musamdzudzule pagulu. Kalasi itatha muitaneni, mumfunse chifukwa chake anagawa motero, ndipo mumvetsere yankho lake, pakuti nthawi zina mwana aona zimene inu simunazione.

Ana aakulu, a zaka 12 kupita m'tsogolo, mukhoza kuwapatsa mlandu woti akambirane. Auzeni kuti m'mudzi mwafika matumba 10 a chimanga, mabanja osowa alipo 15, ndipo limodzi la mabanjawo ndi la azakhali a mlembi. Afunseni kuti mlembi achite chiyani. Ena adzati azakhali achotsedwe kuti anthu asanene, ena adzati alembedwe poyamba chifukwa magazi salowa madzi, ndipo mwina wina adzati mlembi aitane anthu ena awiri kuti dzina la azakhali aweruze iwowo. Asiyeni atsutsane, ndipo nthawi ikatha asanamvane, muwauze akafunse makolo awo kunyumba, mudzapitirize Lamulungu linalo.